Kaseti Yolembedwa Kuti Rumba

Dzinalo litangomveka m'makutu mwake, Exildah anachotsa phazi pa chopondera ngati waponda khala la moto. Kaseti inaima. Mawu a Dokotala Kalenga anazimirira, ndipo m'nyumba ya ku Kabwata ija munangotsala phokoso la madzi panja, pomwe mwamuna wake Reuben ankatsuka galimoto ya kuntchito kwake.

Ntchito ya Exildah inali ya makutu, zala ndi phazi limodzi. Dokotala akatha kuona odwala pa kiliniki yake ku Woodlands, ankalankhula m'makina ojambulira mawu: dzina la wodwala, chomwe chamubweretsa, zomwe wapeza atamupima, mankhwala amene wamupatsa. Exildah ankavala mahedifoni, kuponda chopondera kuti kaseti iyende, n'kumatayipa zonsezo mmene zikubwera. Ukachotsa phazi, makina amaima n'kubweza kaseti m'mbuyo pang'ono, kuti ukapondanso uyambire pa mawu omwe unasiyira. Ntchitoyi anaipeza movutikira. Kampani ya boma yomwe ankatayipako kale itagulitsidwa, anzake ambiri anakathera pa msika kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, koma iye anagula buku lakale la mawu a chipatala n'kuliloweza mpaka lilime linazolowera mayina a matenda omwe ngakhale kuwatchula amatopetsa.

Malamulo a Dokotala Kalenga anali awiri. Loyamba, cholowa m'khutu chitulukire m'zala, osati pakamwa. Lachiwiri, ukamva dzina la mbale wako, ima pomwepo, bweza kaseti, lipotilo dokotala alemba yekha pamanja. Munthu wabwino ndithu dokotalayo, koma kuumira kwake kunali kwa mtundu wina. Zaka zimenezo masitolo a m'tauni anali atadzaza ndi katundu wa kunja, makaseti atsopano mbwee, iye osagula ngakhale imodzi. Ankatenga makaseti ake akale a nyimbo, kumata timabowo take ndi selotepi, n'kujambula mawu ake pamwamba pa nyimbozo. Kaseti yomwe Exildah anabwera nayo kunyumba kuti amalize ntchito yotsalira inali idakali ndi kapepala kake kakale, kolembedwa ndi bolopeni yofiira kuti RUMBA.

Dzina lomwe anamva linali la Febby Njobvu. Febby anali mwana wa Pearl, mkulu wake wa Exildah bere limodzi. Exildah anamubereka kumsana mwanayo, anamuperekeza kusukulu tsiku loyamba, ndipo Loweruka lomweli masana kunali kitchen party yake ku Chelstone, phwando la amayi okhaokha lomwe amapatsirapo mkwatibwi ziwiya ndi malangizo ukwati usanachitike. Febby sananenepo kuti anabwera ku kiliniki. Ayenera kuti anasankha dala Lachinayi, tsiku lomwe Exildah anatumidwa ku tauni.

Amene amati mkazi sasunga chinsinsi sanamuone Exildah m'mawa umenewo. Phazi lake linalendewera pamwamba pa chopondera. Kuponda kamodzi kokha akanadziwa zonse, ndipo palibe akanamuona. Anavula mahedifoni, kutulutsa kaseti, n'kuimirira. Mpaka apa anachita bwino. Nzeru zinamuthawa pa chinthu chaching'ono: m'malo moiponya m'chikwama chake, anaiika pamwamba pa kabati pambali pa wailesi, pomwe nyumba iliyonse imaika makaseti.

"Nayenda ku saluni," anauza Reuben akutuluka.

"Ine nizapeleka wailesi na ma speaker kwa ba Pearl," anatero Reuben, mutu uli m'galimoto. "Nikasiya nipita ku Kamwala, ba boss banilindila. Nizabwela kukutengani phwando ikasila."

Exildah anangovomera ndi mutu. Za wailesi ankazidziwa kuyambira kale. Kuti wailesi siyenda yokha popanda makaseti, zimenezo zinamubwerera atakhala kale pansi pa chowumitsira tsitsi ku saluni ya pa msika wa Kabwata, mutu uli wodzaza ndi marola. Anadzuka ngati walumidwa ndi chinkhanira. Mtsikana wa pa saluni anamuthamangira mpaka pakhomo akuchotsa marola, iye osaima.

Pakabati panali mbee. Wailesi kulibe, masipika kulibe, makaseti onse Reuben anawakokolera m'pepala la pulasitiki, osasiya ngakhale imodzi. Exildah anasuzumira kuseri kwa kabati, pansi pa mipando, ngakhale m'makina ake omwe, ngakhale ankadziwa kuti anaitulutsa ndi manja ake. Kenaka anakumbukira khalidwe la makina aja. Kaseti inali itabwerera m'mbuyo pang'ono. Aliyense amene angaiike mu wailesi n'kudina, chinthu choyamba kutuluka m'masipika chidzakhala dzina la Febby, ndipo chotsatira chidzakhala chimene Febby anabisira mayi ake omubala. Omvera adzakhala amayi a mpingo, aneba a ku Chelstone, ndi abale a mwamuna omwe abwera kuchokera ku Kitwe kudzaona mtengwa wawo.

Kwa Pearl kunalibe foni. Exildah anavala diresi la chitenje lomwe anasoketsa chifukwa cha tsikuli, zipi osafika nayo pamwamba, n'kutuluka. Mapoto omwe anagula ngati mphatso anawasiya pa tebulo atakulungidwa bwinobwino. Za minibasi sanaziganizire n'komwe, chifukwa kudikira kuti idzaze pa Kabwata, kukatsika m'tauni, kukadikiranso ina ya ku Chelstone, akanafika anthu akutsuka mbale. Anaimitsa takisi yopanda chikwangwani, yomwe chitseko chake chinali chomanga ndi waya.

"Chelstone. Pitilani ku Woodlands na Kabulonga, osati mu town. Fastani, napapata."

"Kuli odwala, mami?" anafunsa dalaivala.

"Kuli kitchen party."

Dalaivala anamuyang'ana pa galasi, n'kupukusa mutu. Anayendetsa ndithu mmene galimotoyo ikanathera, ikulira ngati chigayo. Koma atangofika cha ku Woodlands anakumana ndi maliro. Kutsogolo kunali kagalimoto konyamula bokosi, kumbuyo malole odzaza anthu oimba, amayi atamanga mipango, onse akulowera ku manda a Leopards Hill pang'onopang'ono. Maliro sadulidwa. Dalaivala anapatukira m'mbali n'kuzimitsa injini. Mdipiti umenewo utangotha, unatulukira wina.

"Masiku yano Saturday ni ya malilo na ma wedding chabe," anatero dalaivala. "Mwaona picture ija pa windscreen? Mwana mung'ono, mwandi. Ni kaliwondewonde, palibe vina. Basiliza banthu matenda aya."

Exildah anayang'ana malole aja akudutsa. Matendawo ankawadziwa kuposa dalaivalayo, chifukwa sabata iliyonse ankawatayipa, ndipo ena mwa mayina omwe anatayipa chaka chatha anali atagona kale kumene malolewo ankapita. Anayesa kudziuza kuti mwina Febby anapita ndi chimfine, kapena khutu. Mtima unakana. Anali atamva malipoti okwanira kuti adziwe kuti mtsikana amene wabwera yekha, mobisa, ukwati uli pafupi, sabwera ndi chimfine. Mwina ndi mimba. Mwina ndi mimba yomwe inalipo n'kuchoka. Mwina anakayezetsa magazi. Chilichonse mwa izi chinali chokwanira kuti anthu a ku Kitwe anyamuke asanadye.

Msewu wokhotera ku kiliniki unali pafupi pomwepo. Anauyang'ana n'kutembenuza nkhope. Dokotala akanamuthandiza chiyani, kupatula kumuuza kuti Lolemba asabwerenso? Ndipo chodabwitsa n'chakuti za ntchitoyo, yomwe anaivutikira chonchija, sizinamupweteke kwenikweni. Chomwe ankaona m'maso mwake chinali Febby atakhala pa mphasa pakati pa anthu, mawu a dokotala akumuvula.

Anadutsa mipanda italiitali ya ku Kabulonga, kukalowa mu msewu waukulu wa kummawa, kudutsa Kaunda Square. Pa Chelstone, asanakhote n'komwe, Exildah anatsitsa galasi n'kutchera khutu. Ng'oma! Zinkamveka patali, ndi nthungululu pamwamba pake. Anapuma kwa nthawi yoyamba chichokere ku saluni. Ng'oma zikamalira ndiye kuti wailesi ili chete.

Pabwalo la Pearl anali atakhoma tenti yobwereka ku tchalitchi. Amayi anadzaza m'mabenchi, zitenje zamitundumitundu, mafuta onunkhira akulimbana ndi fungo la nkhuku yokazinga. Kutsogolo, pa matiresi oyala pansi, panakhala Febby, miyendo atatambasula, mutu uli pansi, mlangizi wake ali pambali. Mwambo wake ndi wotero: mkwatibwi saseka, salankhula, sayang'ana anthu, ngakhale denga litagwa. Wailesi ya Reuben inali pa tebulo pakhonde, masipika mbali ndi mbali, ndipo pepala la pulasitiki lija linali pomwepo, losamasula. Kuchokera pa geti kukafika pa tebulolo sipanali patali. Exildah anaweramitsa mutu n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa mpanda.

"Shani, ba kumawa!"

Moni wa Chibembayo asanathe, dzanja lonenepa linamugwira pamkono. Anali bana Chibwe, azakhali ake a mkwati Brian Kampamba, mayi wa Chibemba wamkulu thupi ndi mawu omwe, wochita malonda a nsalu pakati pa Kitwe ndi Nakonde. Chiyambire zokambirana za ukwatiwu, mayiyu ndiye ankafunsa mafunso ambiri: mtsikanayu bwanji wafika msinkhu umenewu asanakwatiwe, bwanji amabwera mochedwa kuchokera kuntchito. Koma lero anali pa chimbuya, chipongwe chachibale chomwe Abemba ndi anthu a kummawa, kwawo kwa Exildah, amachitirana kulikonse akakumana, pa ukwati ngakhale pa maliro. Pa chimbuya wokwiya ndiye wolakwa.

"Onani aba! Banyina bang'ono ba mwana, babwela late, na gift balibe, na tsitsi yasila side imozi!" anakuwa bana Chibwe kuti tenti yonse imve. "Munali kuti? Munali kukumba mbeba?"

Anthu anafa nacho chiseko. Tsiku lina Exildah akanabweza bwinobwino, akanafunsa ngati nyani wa nkhomaliro anabwera naye pa basi kapena anamusiya ku Kitwe, poti Abemba amasekedwa kuti amadya anyani. Lero maganizo ake onse anali pa tebulo lija.

"Nibwela manje manje, bana Chibwe. Nifuna chabe kutenga kanthu pa table paja."

"Awe! Mulandu uyu. Late comer avina. Mangani chitenge!"

Amayi awiri anamuzungulira, kumumanga chitenje m'chiuno, n'kumukokera pakati pa bwalo. Exildah anaganiza msanga: avine pang'ono, ng'oma zikulira, kenaka azembere kukhonde. Anayamba kugwedeza chiuno, maso ali pa pepala lija. Koma tsoka sasimba. Amayi oimba ng'oma anali ataimba chiyambire phwando, ndipo nthawi yomweyo mtsikana anawabweretsera mbale za chakudya ndi mabotolo ozizira. Wamkulu wawo anamenya komaliza, kugoneka ng'oma pansi, n'kuyamba kusamba m'manja.

"Osadandaula, wailesi iliko!" anatero bana Chibwe. "Bana Febby, ikani kaseti, mung'ono wanu avine!"

Pearl, thukuta lili kamukamu ndi ntchito za tsikulo, anathamangira kukhonde akuseka. Anamasula pepala, kuvundula makaseti, kukweza imodzi m'mwamba kuti aone bwino.

"Iyi yalembewa rumba!"

"Ba Pearl, osati iyo!" anakuwa Exildah. "Osati iyo!"

Mawu ake anamira mu nthungululu. Anayesa kuthamanga, koma bana Chibwe anagwira mfundo ya chitenje kumbuyo, akuseka mpaka misozi, poganiza kuti wa kummawa akuthawa gule. Exildah anaona chala cha mkulu wake chikutseka kachitseko ka wailesi, anachiona chikudina. Masipika anapuma kaye mpweya. Kenaka, m'malo mwa magitala, munamveka mwamuna akukonza kukhosi, kutsokomola kumene Exildah ankakudziwa kuposa kwa mwamuna wake.

"Next patient, Miss Febby Njobvu."

Mawuwo anamveka mpaka kumsewu. Dokotala anapitiriza m'Chingerezi chake chodekha, kuti wodwalayu anabwera Lachinayi ali yekha, ndipo anapempha kuti zimene akambirane zisafike kwa abale ake. Exildah anang'amba mfundo ija, chitenje n'kutsala m'manja mwa bana Chibwe. Sanapite ku wailesi, kunali kutali. Anadziponya pa chingwe cha magetsi chomwe chinadutsa pabwalo kuchokera pawindo, n'kuchikoka ndi manja awiri. Sipika imodzi inagwa pansi. Mawu anaduka.

Pabwalo panati zii. Chingerezi chimenecho panalibe amene sanachimve, ndipo amene chinamudutsa anali akunong'onezedwa kale ndi mnzake. Pearl anaima pakhonde kukamwa kuli yasa. Febby sanadzutse mutu, koma zala zake zinakumba matiresi.

Bana Chibwe anasiya kuseka. Anapinda chitenje chija bwinobwino, kuchiika pa benchi, n'kuyenda mosafulumira kupita kukhonde. Anatsegula wailesi, kutulutsa kaseti, n'kuigwira pachifuwa. Exildah anali adakali chogwada pa fumbi, chingwe chili m'manja.

"Iyi rumba siniyiziba," anatero bana Chibwe. Chimbuya chinali chitatha, mawu anali ena. "Uyu ni doctor. Imwe musebenza kwa doctor, si so?"

"Ni kaseti ya ku nchito. Yabwela kuno by mistake. Nipaseni."

"Mistake yakamba zina ya mukazi wa mwana wathu. Yakamba ati ba family basazibe. Ise ndise ba family manje." Anatembenukira ku mabenchi a anthu a ku Kitwe, ndipo mitu inavomera. "Ngati kulibe vobisa, bwezani malaiti timvele tonse. Ngati ni chifuba, tizaseka, tizavina. Olo imwe kambani, since mumvela vonse mu ma headphones yanu."

"Siniziba vamene vilimo. Sininamvele."

Chinali chilungamo chokhachokha, ndipo palibe anachikhulupirira. Wina kumbuyo anaseka monyoza. Munthu wothamanga kuchokera ku Kabwata tsitsi losatha, wodziponya pa fumbi ndi diresi latsopano, angauze ndani kuti sakudziwa chomwe akubisa? Exildah anaona kuti kukoka chingwe kuja sikunapulumutse kanthu. Mawu odulidwa pakati ndi oipa kuposa omalizidwa, chifukwa aliyense amawamalizira yekha. Ngakhale atalanda kasetiyo n'kuiphwanya, anthu a ku Kitwe akanakwera basi ndi dzina la Febby m'kamwa. Mayi wina anali atatola kale chingwe chija, akufunafuna polowetsa.

Exildah anayang'ana Febby. Misozi inkagwera pa chitenje cha mtsikanayo, koma mkwatibwi amayenera kuoneka wachisoni, choncho panalibe amene anaiwerengera. Exildah yekha ndiye anaona mmene mapewa ankagwedezekera, monga ankachitira ali mwana akaswa kapu. Chisoni chinamugwira, pamodzi ndi mkwiyo pa dokotala woumira, pa Reuben wokokolera zinthu osayang'ana, ndi pa iye mwini koposa onse. Anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo.

"Siyani chingwe. Nizakamba," anatero. "Report iyo ni yanga."

"Yanu bwanji? Imwe ndimwe Febby?"

"Nisebenza pamene paja, bana Chibwe. Ba reception babelenga ma file yonse, ba cleaner nabo bamvela. Nenze sinifuna bazibe. Napempha ba doctor ati tilembe zina ina, na zina inabwela mu mutu ni ya mwana uyu. Nalakwa, nivomela. Febby saziba na kanthu."

Bodzalo linatuluka losalala moti iye mwini anadabwa nalo. Bana Chibwe anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene amayang'anira nsalu ku Nakonde asanagule. Si mayi wopusitsika ameneyo.

"So mudwala chani?"

Apa Exildah anagwira njakata. Akatchula nthenda yaing'ono, bana Chibwe anena kuti ngati ndi zimenezo tiyeni timve, palibe chamanyazi, ndipo kaseti ikalira bodza lithera pomwepo. Pankafunika nthenda yomwe palibe angafune kuimva ikutchulidwa pa sipika pa tsiku la chikondwerero, nthenda yotseka pakamwa. Inalipo imodzi yokha, ndipo aliyense pabwalopo anali ataikapo m'manda mbale wake chifukwa cha iyo, ngakhale pamaliro ankanena kuti ndi chibayo.

"Mufuna nikambe pamenso pa bana?" anatero Exildah motsitsa mawu. "Niyanganeni. Matenda yamene muganiza, ni yamene ayo."

Exildah anali wochepa thupi chibadwire. Kusukulu ankamutcha kabango, ndipo apongozi ake ankadandaula kuti Reuben samudyetsa. Tsiku limenelo kuonda kwake kunamugwirira ntchito koyamba. Anaona maso a tenti yonse akutsika pa mafupa a m'khosi mwake, pa mikono, pa diresi lomwe zipi yake inali yosatseka, ndipo anaona nkhope zikusintha mmodzimmodzi. Ena anayamba kukumbukira kuti ankatsokomola pa Khirisimasi.

"Mayo!" ananong'ona bana Chibwe. Ukali wonse unamuthera. Anayang'ana kaseti ija ngati yamuotcha, n'kuipereka ataigwira ndi nsonga za zala. "Tengani, mayo. Munikhululukile. Sininazibe."

Chomwe Exildah sanachikonzekere chinali Pearl. Mkulu wakeyo anatsika pakhonde manja ali kumutu, akulira mokweza ngati uthenga wa maliro wafika kale. "Mwana wa amai anga! Exildah, osaniuza ine? Ine mukulu wako?" Anamukumbatira mwamphamvu, misozi ikunyowetsa phewa, ndipo Exildah anaima chilili, kaseti ataifinya m'dzanja, osatha kumuuza kuti alire pang'ono chifukwa palibe chimene chikumupweteka. Zimenezi zinamuwawa kuposa maso a anthu onse aja.

Mlangizi, mayi wodziwa ntchito yake, anakodola oimba ng'oma. Anasiya mbale zawo n'kuyamba kumenya, poyamba mozizira, kenaka mwamphamvu. Phwando linadzukanso mwa mtundu wake. Mphatso zinayamba kuitanidwa, aliyense kubwera kutsogolo, kuvina pang'ono, kugwada pamaso pa mkwatibwi n'kumuuza ntchito ya chomwe wabweretsa. Bana Chibwe anapereka mbale zadothi, navina kwambiri kuposa onse, ngati akufuna kufafaniza zomwe zachitika, ndipo pomaliza anapsompsona Febby pamphumi n'kumutcha mwana wake.

Dzina la Exildah litaitanidwa, anthu anayang'ana pansi. Anapita chimanjamanja, osavina, n'kugwada pa matiresi. Ng'oma zinali pamwamba moti zolankhula pamenepo sizikanamveka kwa wina. Febby, amene mwambo sunamulole kutsegula pakamwa, anagwira chala cha mayi ake aang'ono pansi pa chitenje, dzanja lili lozizira.

"Amai ang'ono," ananong'ona, milomo osaigwedeza. "Nizakuuzani vonse. Ba doctor banapeza kuti..."

"Khala chete," anatero Exildah, nkhope ili ngati akupereka malangizo a m'khitchini. "Usaniuze. Nikaziba, bazaona pa nkhope yanga. Wamene ufunika kumuuza ni Brian, iwe wekha, na pakamwa pako, ukwati usanachitike. Wamvela?"

Mutu wa Febby unatsika pang'ono. Kaya kunali kuvomera kaya kulira, Exildah sanadziwe.

Anabwerera ku benchi. Amayi anamusunthira mwaulemu, n'kumusiyira malo okwana anthu atatu. Chakudya chinamupeza pomwepo, nyama yambiri kuposa ya wina aliyense, ndipo mtsikana wogawa zakumwa anamupatsa botolo lake losatsegula pomwe ena ankamwera m'makapu. Palibe anamunyoza. Onse ankamulankhula mofatsa, ndi mawu omwe anthu amasungira odwala, ndipo mayi wina wa ku mpingo anamulonjeza kuti Lachinayi abwera ndi anzake kudzapemphera. Exildah anathokoza. Anaganiza za mawa ku tchalitchi, za aneba a ku Kabwata omwe ena mwa iwo anali pomwepo, za ana ake kusukulu Lolemba. Madzi akatayika saoleka, ndipo awa anawataya yekha, dala.

Dzuwa litapendeka, hutala inalira kunja kwa mpanda. Geti linali lotsegula, ndipo Reuben anatsika m'galimoto akumwetulira, jekete lili paphewa, munthu wokondwa kuti wailesi yake yatumikira pa phwando la mwana. Mwamuna salowa ku kitchen party, choncho anaima pomwepo n'kukweza dzanja kupereka moni kwa onse. Ng'oma sizinasiye, koma mitu yonse ya m'tenti inatembenukira kwa iye nthawi imodzi. Amayi anamuyang'ana monga amayang'anira mwamuna amene wabweretsa imfa m'nyumba. Reuben anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, n'kudziyang'ana pa malaya ngati pali chomwe chatayikirapo.

Pearl anali atadzuka kale, akumanga chitenje mwamphamvu, maso ali ofiira, akulunjika ku geti. Exildah anaika mbale pansi n'kuyamba kuyenda mofulumira kuti amupitirire. Reuben anaona mkazi wake akubwera, nkhope yake n'kumasuka.

"Nanga banthu baniyangana bwanji so?" anafunsa akuseka mwamantha. "Wailesi inavuta?"

"Lowa mu motoka, Reuben," anatero Exildah. "Tseka na ma window. Nifuna umvele kuli ine first."